Katundu ndi wanu, shopu ndi ya wina: woikiza amatetezedwa ndi ndani mu Lusaka?

Alamu anga amasoka ku Mtendere. Makina awo ndi aja opalasa ndi phazi, osadikira magetsi, ndipo amakhala pakhonde pomwe dzuwa la m'mawa limafika bwino. Chaka china nyengo ya maukwati itayandikira, anasoka madiresi 14 a chitenge n'kukawasiya pa shopu ina ya zovala m'tauni. Pangano linali la pakamwa: diresi lililonse likagulidwa iwo alandire K300, zimene mwini shopu waonjezera pamwamba ndi zake. Mwezi woyamba analandira ndalama za madiresi atatu. Mwezi wachiwiri anauzidwa kuti, "Amayi, malonda avuta, anthu akungoyang'ana n'kumapita. Mudzayesenso kumapeto kwa mwezi."

Tsiku lina m'minibasi yochokera ku Kulima Tower anakhala kumbuyo kwa mayi wina wovala diresi limene analizindikira nthawi yomweyo. M'khosi mwake munali kansalu kofiira komwe iwo anajoinirapo chifukwa chitenge chinaperewera. Anamugwira paphewa n'kufunsa kuti, "Pepani amayi, lakukhalanitu diresili, munaligula kuti?" Mayiyo anatchula shopu yomwe ija, anatchulanso mtengo, K650, n'kunena kuti papita masabata atatu chiligulireni. M'mawa mwake alamu anga anapeza madiresi anayi okha atapachikidwa. Mtsikana wogulitsa anati abwana apita ku Nakonde kukaoda. Pasanathe mwezi pachitseko panali loko, ndipo shopuyo itatsegulidwanso munali munthu wina wogulitsa mafoni.

Zimenezi zikuchitikira anthu ambiri mumzinda muno, ndipo sikuti ndi opusa. Kuikiza katundu m'shopu ya wina kuti akugulitsire ndi njira yanzeru kwa munthu amene ali ndi luso koma alibe malo. Kalipentala wa m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga sangakwanitse lendi ya ku Manda Hill kapena East Park. Mayi wopanga chiponde, wosema ziboliboli, woluka madengu, wobwera ndi uchi kuchokera kumudzi, onsewa amafuna shelefu pamalo podutsa anthu. Ena amasiya galimoto pa yadi ya ogulitsa magalimoto, ena diresi la ukwati lomwe lagwira kale ntchito yake, ena mipando posamuka. Boma likathamangitsa ogulitsa m'misewu, monga linachitira mu Januwale 2018 kolera itavuta, munthu wopanda tebulo mumsika amatsala ndi njira yomweyi yopempha malo kwa amene ali nawo. Mwini shopu nayenso amapindula, chifukwa amadzaza mashelefu osatulutsa ngwee.

Kuti timve pomwe pagona vuto, tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza polankhula. Mwini shopu akaoda, amalipira n'kutenga katundu, nkhani yathera pomwepo. Akatenga pangongole, katunduyo wasanduka wake ngakhale sanalipire, ndipo inu mwatsala ndi ufulu wofunsa ndalama zanu, kaya wagulitsa kaya sanagulitse. Koma mukaikiza, simunamugulitse kanthu. Diresi lija likadali lanu mpaka tsiku limene wogula adzalitenge. Mwini shopu ndi wosunga komanso wokugulitsirani, ndipo chake ndi komishoni yokha kapena kaphindu kamene munagwirizana. Ndalama imene walandira kwa wogula ndi diresi lanu lomwe lija, langosintha maonekedwe. Akaitenga kukalipira lendi, kapena kukaodera katundu wake ku Nakonde poganiza kuti adzabweza malonda akayenda, wagwiritsa ntchito chinthu cha mwini popanda chilolezo. Eni mashopu ambiri amene anadya ndalama za anzawo anayamba chomwechi, osati ndi mtima wakuba, koma posakaniza ndalama zonse m'kabati imodzi mpaka osadziwanso kuti yawo ndi iti.

Lamulo limakudziwa kusiyana kumeneku, kungoti ndi lamulo lakale kwambiri ndipo silinalembedwe poganizira telala wa ku Mtendere. Dziko la Zambia linatengera malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa 17 Ogasiti 1911, ndipo mwa amenewo muli Sale of Goods Act ya 1893, yokhudza kugula ndi kugulitsa, ndi Factors Act ya 1889, yokhudza anthu ogulitsira anzawo katundu. Lachiwirili ndilo limadabwitsa anthu. Limati ngati mwapereka katundu wanu mwakufuna kwanu kwa munthu amene ntchito yake ndi kugulitsira ena, iye n'kugulitsa monga amachitira masiku onse, wogula amene sanadziwe za chinyengo chilichonse ndiye mwini wake tsopano. Alamu anga sakanamuvula diresi mayi wa m'minibasi uja, ndipo n'zoyenera kutero, chifukwa pakanapanda lamulo lotere palibe amene akanagula chinthu m'shopu ndi mtima m'malo. Koma zotsatira zake n'zakuti wogula ali ndi chishango, pomwe woikiza watsala ndi munthu mmodzi yekha womufunsa, yemwe uja wathawa.

Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010, lomwe amaliyendetsa ndi a CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, nalonso maso ake ali pa wogula: katundu wowonongeka, mitengo yonamiza, zikwangwani zoti zogulidwa sizibwezedwa. Woikiza waima mbali ina ya kauntala. Kuofesi ya PACRA amalembetsa dzina la bizinesi kapena kampani, kukhonsolo amapereka chilolezo chochitira malonda, koma palibe mwa awiriwa amene amafunsa mwini shopu kuti katundu ali m'mashelefumu ndi wa yani, ndipo eni ake amalipidwa liti.

Nanga apolisi? M'malamulo a milandu, Penal Code, muli mlandu wa kuba kochitidwa ndi munthu amene wapatsidwa katundu kuti agulitse kapena asunge m'malo mwa wina. Choncho kudya ndalama za woikiza kukhoza kumangitsa munthu. Chovuta n'chakuti mukafika pa kauntala ya polisi mulibe pepala lililonse, nkhani yanu imamveka ngati ya ngongole wamba. Mwini shopu akangoti, "Ndinatenga pangongole, ndidzalipira," wapolisi amakuuzani kuti mupite kukhoti, chifukwa kulephera kubweza ngongole si mlandu wotsekera munthu m'chitokosi. Mawu awiri aja, kuikiza ndi kukongoza, ndiwo amasiyanitsa wakuba ndi wangongole, ndipo palibe chosonyeza kuti pa tsiku lija munanena liti.

Khoti la milandu ing'onoing'ono, Small Claims Court, linakhazikitsidwira nkhani ngati zimenezi. Maloya saloledwa kuimira anthu kumeneko, munthu amadzilankhulira yekha, ndipo ndalama zolipira n'zochepa poyerekeza ndi makhoti ena. Ndi khomo labwino, ndipo ndikanakonda anthu ambiri akanalidziwa. Koma nalonso limafuna zinthu ziwiri zimene woikiza nthawi zambiri alibe: umboni wa zimene anasiya, ndi dzina lenileni komanso malo a munthu woti apatsidwe samani. Alamu anga ankangodziwa dzina la pachikwangwani ndi nambala ya foni yomwe inasiya kulira. Ngakhale mutawina, chigamulo si ndalama. Pamafunika kuti munthuyo akhale ndi katundu woti alandidwe.

Apa mpomwe pamalowa nkhani ina imene anthu saiganizira mpaka itawagwera: shopu ikagwa. Ngati mwini wake analembetsa dzina la bizinesi chabe, ngongole za shopu ndi zake iye mwini, mukhoza kumutsata mpaka kunyumba kwake. Ngati ndi kampani, pansi pa Companies Act ya 2017, kampaniyo ndi munthu payokha pamaso pa lamulo, ndipo ikatha mumafola pamzere wa ofuna ndalama zawo motsatira Corporate Insolvency Act ya chaka chomwecho, kumbuyo kwa omwe ali ndi chikole ndi ena amene lamulo limawaika patsogolo. Katundu wanu wosagulidwa sayenera kulowa m'gulu la zogawidwa, popeza sanali wa kampaniyo. Chimodzimodzinso akabwera olanda katundu chifukwa cha chigamulo cha khoti, sayenera kugulitsa za munthu amene alibe nawo mlandu. Koma iwo amanyamula zonse zimene apeza m'shopu, ndipo zili kwa inu kuthamanga kukauza khoti kuti tebulo ilo ndi langa, n'kusonyeza umboni lisanagulitsidwe. Za ndalama za katundu amene anagulidwa kale ndiye zovutirapo, chifukwa zikasakanikirana ndi zina muakaunti imodzi, kuloza kuti iyi ndi yanga kumakhala ngati kufuna mchere umene wasungunuka kale m'ndiwo. Palinso moto. Pamene msika wa City Market unapsa pa 4 Julayi 2017, moto sunasankhe kuti uyu ndi katundu wa mwini tebulo, uyu ndi woikizidwa. Wosunga katundu wa mnzake amayenera kumusamala moyenera, koma ngati ngozi sinachokere ku kusasamala kwake ndipo panalibe pangano la inshuwalansi, amene waluza ndi mwini katundu.

Chinyengo chofala kwambiri sichifika n'komwe pothawa ndi loko pachitseko. Chimachitika mwakachetechete, pa mtengo. Malo amene izi zinafufuzidwa bwino ndi msika wa Soweto mu Lusaka muno, komwe alimi amafika kusanache ndi mabokosi a matimati, matumba a anyezi ndi kabichi, n'kuwapereka kwa maejenti kuti awagulitsire. Uku nakonso ndi kuikiza, kungoti katundu wake amaola. Ofufuza a Food Security Research Project analemba mu 2010 kuti komishoni yodziwika inali pafupifupi 10 peresenti, koma pambali pake panali ina yobisika: ejenti amagulitsa pamtengo wina, n'kuuza mlimi mtengo wotsikirapo, zotsalazo n'kulowa m'thumba. Mlimi ali pompo pamsika koma saona ndalama zikusinthana manja. Nanga bwanji amene wasiya katundu m'shopu n'kubwerera ku komboni, kapena ku Chipata? Iye amangomva kuti "tinatsitsa mtengo kuti zituluke," kapena "chimodzi chinabedwa," kapena "chinathimbirira ndi fumbi," ndipo alibe poyambira kutsutsa.

Mayiko ena anakumana nazo zomwezi, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti mankhwala awo amafanana. Ku South Africa, lamulo la Agricultural Produce Agents Act la 1992 limafuna kuti ejenti wogulitsira alimi zipatso ndi ndiwo zamasamba alembetsedwe, asunge ndalama za alimi muakaunti yapadera yosasakaniza ndi zake, ndipo pali thumba la ndalama lolipira mlimi amene waberedwa ndi ejenti wolembetsedwa. Ku America lamulo lofanana nalo, lokhudza zokolola zosachedwa kuwonongeka, lilipo kuyambira 1930, ndipo mu 1984 anaonjezeramo mfundo yoti ndalama za zokololazo zimasungidwira amene anazipereka, kotero kuti bizinesi ikagwa iwo amalipidwa banki isanatenge zake. Ku New York vuto linaonekera pa zojambula zamtengo wapatali. Nyumba yogulitsira zojambula ya Salander-O'Reilly inagwa mu 2007, ndipo mu 2010 mwini wake Lawrence Salander anavomera m'khoti kuti anabera anthu ndalama zokwana pafupifupi madola 120 miliyoni, ambiri mwa iwo anthu amene anamuikizira zojambula. Mu 2012 boma la kumeneko linakhwimitsa lamulo loti ndalama za wojambula zisungidwe padera. Anthu amenewo anali ndi maloya ndi mapangano olembedwa, koma anagwa m'dzenje lomwe lija la alamu anga, la ndalama za eni zosakanizidwa m'kabati ya wogulitsa.

Sitikufunika kupita kutali kuti tione mfundoyi ikugwira ntchito. Loya muno m'Zambia saloledwa kuika ndalama za munthu amene akumuimira muakaunti ya ofesi yake, amayenera kukhala ndi akaunti yapadera, ndipo akaidya akhoza kuchotsedwa pa ntchitoyo. Mlimi wosungitsa chimanga m'nkhokwe yovomerezeka amalandira lisiti losonyeza kuchuluka ndi mtundu wa zimene wasiya. Nzeruyo tili nayo kale, sitinaifikitse pa shelefu ya shopu.

Maganizo anga ndi akuti lamulo lofunika pano si lalitali. Aliyense wolandira katundu wa wina kuti amugulitsire akakamizidwe kupereka kalata yolandirira: katundu wanji, angati, mtengo wotsikitsitsa umene angagulitsire popanda kufunsa, komishoni yake, tsiku lolipira chikagulidwa chinthu, ndi amene adzasenze zikabedwa kapena zikapsa. Ndipo chilango chake chisakhale faindi yopita ku boma, koma chikhale ichi: ngati mwini shopu sanapereke kalatayo, khoti likhulupirire mawu a woikiza mpaka mwini shopu atasonyeza kuti ndi abodza. Pakali pano kusowa kwa pepala kumapindulira amene wagwira katundu ndi ndalama zomwe. Kukayamba kumupweteka iyeyo, mudzaona mabuku a malisiti akugulidwa popanda wapolisi kuyendera shopu ndi imodzi yomwe.

Za akaunti yapadera, zaka 20 zapitazo zikanakhala maloto kwa wamalonda wamng'ono. Lero si nkhani. Ndi Airtel Money kapena MTN MoMo, mwini shopu akhoza kutumiza gawo la woikiza tsiku lomwelo wogula asanafike n'komwe pa siteji ya basi, ndipo uthenga wa pafoniwo ndi lisiti kale. Ndalama yosagona m'kabati ilibe mpata wolipirira lendi. Koma kwa ogulitsa zinthu zikuluzikulu, makamaka mayadi a magalimoto ndi ogulitsa mipando ndi makina, pomwe chinthu chimodzi chikhoza kukhala chuma chonse cha banja, pakufunika zoposa apa: kulembetsa mwapadera, akaunti yosiyana imene ingathe kufufuzidwa, ndi chikole kapena inshuwalansi yolipira anthu yadi ikatsekedwa. Amene wasiya galimoto pamodzi ndi white book, chikalata chosonyeza mwini galimoto, m'manja mwa wina watsala ndi chikhulupiriro chokha.

Ndikudziwa zimene eni mashopu anganene, ndipo zina n'zoona. Nawonso amavutitsidwa. Pali oikiza amene amasiya katundu wosayenda malonda miyezi isanu ndi umodzi osabwera kudzamuona, shelefu ikudya lendi. Pali obweretsa mafoni ndi ma TV akuba, apolisi akabwera womangidwa n'kukhala mwini shopu. Kalata yolandirira ija, yokhala ndi dzina ndi nambala ya chitupa cha wobweretsa, imateteza mwini shopu pa zonsezi, ndipo ikhoza kunenanso kuti katundu wosatengedwa pakatha miyezi yakutiyakuti achitidwe chiyani. Chimene ndikuopa kwambiri ndi china: kuti boma likamva mawu oti kukonza malonda, lidzathamangire laisensi yatsopano ndi ndalama yatsopano yolipira chaka ndi chaka. Zikatero mayi wa kantemba ku Chawama amene amagulitsira mnansi wake mabotolo a chiponde adzangosiya kulandira, kapena adzapitiriza mobisa, ndipo woluza adzakhala mnansi yemwe timati tikumuteteza. Malonda aang'ono a m'komboni ali ndi apolisi awo kale, omwe ndi manyazi ndi kudziwana. Mavuto amakula pomwe kudziwanako kwatha, m'tauni, pakati pa anthu amene sadzakumana kumaliro kapena kutchalitchi.

M'misika muli poyambira posafuna lamulo latsopano. Markets and Bus Stations Act ya 2007 inaika misika m'manja mwa makhonsolo ndi mabodi oyendetsa misika. Ofesi ya msika ikhoza kusunga buku la madandaulo a oikiza, n'kumana tebulo munthu amene watsimikizika kuti anadya za mnzake. Ku Soweto bolodi lolembapo mitengo ya tsikulo poyera, pomwe mlimi aliyense angawerenge, lingachepetse komishoni yobisika ija kuposa kumanga ejenti mmodzi pachaka. Kuopa kwake n'kwakuti mphamvu yomana munthu tebulo ndi yomwe anyamata a zipani akhala akuigwiritsa ntchito molakwika m'misika yathu, choncho bukulo liyenera kukhala loonekera kwa onse ndipo wodandaulidwa azipatsidwa mpata woyankha.

Podikira zonsezi, lamulo lina limene lilipo kale likhoza kuthandiza amene akulidziwa. Electronic Communications and Transactions Act ya 2021 imalola kuti mauthenga a pafoni ndi pa intaneti alandiridwe ngati umboni. Chithunzi cha katundu ali pa kauntala, ndi uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti "ndasiya madiresi 14 kuti mundigulitsire, langa ndi K300 lililonse," mwini shopu n'kuyankha kuti "chabwino," ndi chinthu chogwirika choti munthu n'kupita nacho kupolisi kapena ku Small Claims Court. Mawu oti "mundigulitsire" asasowemo. Ndipo dzina la pachikwangwani likhoza kufufuzidwa ku PACRA kuti mudziwe munthu weniweni amene ali kumbuyo kwake musanamusiyire thukuta lanu.

Alamu anga sanazipeze ndalama za madiresi 11 aja, ndipo anatha miyezi iwiri akubweza ngongole ya zitenje zimene anatenga ku Kamwala. Sanasiye kuikiza, chifukwa pakhonde la ku Mtendere sipadutsa ogula okwanira. Pano amasiya zovala m'mashopu awiri, osapitirira zisanu nthawi imodzi. Anagula kabuku ka malisiti kokhala ndi kaboni, ndipo mkati mwa msoko wa diresi lililonse amasokeramo kansalu koyera kolembedwa nambala. Mwini shopu mmodzi ataona kabukuko anakwinya nkhope n'kuti, "Ah amayi, ndiye kuti simutikhulupirira?" Iwo anayankha kuti, "Ndikukukhulupirirani bambo, koma mawa mukadwala, mwana wanuyu adzadziwa bwanji kuti zanga ndi ziti?" Bamboyo anakhala chete pang'ono, kenaka anauza mwana wake kuti abweretse cholembera.